Zimene Filipo wa pa wailesi anawachita bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chisepo ana ali bwino, koma amayi miyendo ikuwavutabe. Kalatayi ndapatsira munthu pamanja, ndiye za m'katimu musayankhe pa positi.

Bambo anatengedwa Lachiwiri. Mukumukumbukira Filipo, uja bambo anamuphunzitsa ku Mvera, amene tsopano amalankhula pa wailesi? Masiku apitawo anabwera kuno ndi makina ake ojambulira mawu, akuti akufuna maganizo a alimi. Tinamuphera nkhuku. Bambo ankazengereza, iye n'kuti, "Aphunzitsi, masukani, ine ndine mwana wanu. Dzina sinditchula." Bambo ananena zoona zokhazokha, kuti mtengo wa fodya watsika ndipo kumsika wopanda khadi la chipani sakumulola kugulitsa.

Loweruka tinaitana anansi kuti timvere limodzi. Filipo anaulutsa mawu a bambo, kenaka anatchula dzina lawo ndi mudzi womwe, n'kuti, "Amenewa ndiwo anthu osayamika amene akusokoneza mtendere m'dziko muno." Anansi ananyamuka mmodzimmodzi osatsazika. Bambo anangoti, "Mwana uyu ndinkamugwira dzanja pomuphunzitsa kulemba."

Achinyamata a chipani atabwera Lachiwiri kudzawatenga, anapeza bambo atavala kale jekete. Mpaka lero sitikudziwa kumene akusungidwa. Ndinamulembera Filipo koma sanayankhe, chonsecho tsiku lililonse akumveka akuseka, akupereka moni kwa alimi.

Chonde musabwere Khirisimasi ino, angakugwireni nanunso. Mungotumiza bulangete, mwina tikawapeza adzatilola kuwapatsa. Muziwapempherera. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati