Mtanda wa Mukusi

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Libuyu tilipo, ngakhale dzuwa la chaka chino latifooketsa tonse. Ndiyamba ndi zabwino, pakuti munkati wobwera ndi uthenga woipa ayambe wakhala pansi, amwe madzi. Mkazi wa Limbikani, mwana wanga wamwamuna, wachira. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu, Enelesi. Ndinamuwerenga zala za m'manja ndi za kumapazi anamwino akundiseka, zonse zilipo. Mphuno ndi yanu. Zidzukulutudzi zanu tsopano zakwana zisanu ndi ziwiri.

Mango munabzala kuseri kwa bafa aja abereka mpaka nthambi imodzi kuthyoka. Ndinayamba kuwawerenga monga mwa chizolowezi changa, koma ana a m'kompaundi amandisokonezera masamu tsiku ndi tsiku. Chimanga sichinachite bwino. Njovu zinalowanso m'dimba la Ba Mutinta, mnzanu wa kwaya uja, n'kusiya mapesi okhaokha. Magetsi akuzimazima, bondo langa lakumanzere likadali lomwe lija. Madzi aja ndamwa, Amayi. Tsopano ndinene.

Mtanda woyamba umene tinaika pamanda anu unali wa paini, ndipo chiswe chinaudya dzinja limodzi lokha. Nditaupeza utagwa chafufumimba ndinachita manyazi. Ndinapita kwa Limbikani, amene akadasemabe ziboliboli ndi matebulo n'kumagulitsa ku Mukuni Park, ndinamuuza kuti agogo ake akufuna mtengo umene chiswe chimauopa. Anabweretsa mtanda wa mukusi, wofiira, wolemera moti anaunyamula amuna anayi. Dzina lanu analisema ndi manja ake, ndipo m'munsi anaikamo kachizindikiro kake ka nsomba kamene amaika pa ntchito zake zonse. Anandiuza yekha kuti ndi silipa yakale, limodzi la matabwa aja ogona pansi pa njanji. Ndinakondwa. Ndinati mkazi wa munthu wa njanji agone pansi pa thabwa la njanji, zayenera. Munkati anthu amagoma ndi mutu wa sitima, koma chonyamula sitimayo ndi thabwa logona m'dothi. Munkanena zimenezi akazi a madalaivala akamakuyang'anirani pansi chifukwa Atate anali woyenda pansi ndi nyundo, wogogoda njanji.

Misozi, mwana wanga wamkazi amene munamusiya ali wothandizira dalaivala, tsopano akuyendetsa yekha. Anamupatsa njanji ya kumadzulo, yolowa m'nkhalango ija, sitima yosakaniza anthu, katundu ndi ng'ombe. Mwezi wa Okutobala sitimayo inagwa. Zitsulo ziwiri za njanji zinatalikirana, mawilo n'kugwera pakati. Injini inapendekeka, bogi ya ng'ombe inagubuduka, ndipo bogi ya anthu yoyandikana nayo inakwera pamwamba pake. Misozi anathyoka fupa la paphewa. Ba Namakau, mayi wa nsomba zouma ku Maramba Market amene ankatiikira basera chifukwa cha inu, anali m'bogi ya anthuyo, ndipo anafera pomwepo. Ngati mwakumana nawo kumeneko, mwamva kale zambiri kuposa ine.

Kuchipatala Misozi anandigwira dzanja ndi mkono wake wabwinowo. Anati, "Ba mami, sinenze kuthamanga, Mulungu ni mboni. Munthu wa njinga anganipitilile. Namvela chabe injini yankhala pansi monga ng'ombe yalema. Pamene nachoka nayangana pansi, masilipa kulibe. Bachosa imozi, basiya imozi, bachosa imozi. Pamene bachosa baikapo mchenga kuti pasaoneke." Ndinatukwana akubawo ndi mawu amene simunandiphunzitse. Ndinapempha Mulungu kuti manja awo aume.

Maliro a Ba Namakau atatha ndinabwera kwa inu kudzalambula ndi kudzakuuzani kuti mdzukulu wanu wapulumuka. Ndikuzula udzu kuseri kwa mtanda ndinaona mabowo. Limbikani anawatseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, koma dzuwa linaumitsa zotsekerazo n'kugwa. Ndinalowetsamo chala, monga Atate ankandichititsira ndili mwana akanditenga kunjanji. Ankati silipa imachotsedwa ntchito mabowo a mabawuti akakula, akada ndi kufumbwa, chala n'kumagwedera momwemo. Mabowo a mtanda wanu ndi othina, Amayi. Mizere ya bawuti ikuoneka bwinobwino, ndipo m'kati mtengo ndi wofiira ngati nyama. Ndinayesa onse anayi, ndinabwerezanso kuti mwina ndalakwitsa. Thabwa limenelo silinapume pa ntchito. Analisolola njanji ikadaligonera.

Ndinachoka kumanda osatsanzika, mundikhululukire. Ndinalunjika kunyumba kwa Limbikani, kuseri kumene amasemera. Ndinavundukula tenti imene anaphimbira mulu wa matabwa. Masilipa makumi awiri ndi atatu, osanjikizidwa bwino, ena mchenga ukadali m'ming'alu. Mukudziwa mmene mutu wanga umagwirira ntchito. Sindinaone matabwa. Ndinaona mipata makumi awiri ndi itatu pansi pa mawilo a mlongo wake.

Limbikani anandipeza ndili chiimire. Anati, "Ah, ba mami, mwabwela na inspekishoni? Ni nkhuni chabe izi."

Ndinamufunsa kumene zimachokera.

"Nigula kuli ba guy ba ngolo ya ng'ombe. Sinifunsa. Ku Mukuni bonse tigula kwamene uko. Bazungu bafuna tebulo ya njanji, na mabowo yake, ndiye yamene balipila bwino."

Ndinati, "Ika chala umu." Anakana. Ndinagwira dzanja lake, bambo wa ana atatu, ndinalowetsa chala chake m'bowo ngati mwana wa giredi wani. Ndinati, "Agogo ako aamuna anakuphunzitsa zimenezi iwenso. Unadziwa."

Anakwiya. "Manje nichite bwanji? Nikaleka ine, wa pa stolo ya pafupi azagula. Njanji izagwa chimozimozi, ine na bana tizagona na njala. Misozi ali na salale, ine nili na chani? Muzanimangisa, ba mami? Mwana wanu? Na ka Enelesi kakali kuyamwa?" Mkazi wake anali pakhomo, mwana ali kubere, akundiyang'ana. Ndinaphunzitsa masamu moyo wanga wonse, ndipo ana a anthu ankanditcha Madamu Ansala, koma tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba pakamwa pali gwa.

Nditapitanso kwa Limbikani ndinapeza pansi pa tenti pali mbee. Onse anawacheka, asanduka miyendo ya matebulo ndi mafelemu a magalasi, mabowo awadula n'kuwasonkhera moto. Silipa yokhayo yotsala ndi mabowo ake, yokhala ndi kansomba ka Limbikani, ndi imene yaima kumutu kwanu.

Sindinafune kuchita zinthu ndekha ngati wopanda abale. Ndinapita kwa mlongo wanu, a malume Yotamu. Akalamba kwambiri, maso achita khungu, koma pakamwa pakadali pakuthwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Iwe Faidesi, sukulu inakulowa moipa. Manda sagwidwagwidwa. Ukazula mtandawo wazula mayi ako, ndipo chikakugwera usadzabwere kuno. Nkhani ya m'nyumba imathera m'nyumba. Mayi satengera mwana wake kupolisi." Ndinawafunsa kuti nanga Misozi si wa m'nyumba? Anati Misozi apemphe kusinthidwa njanji. Ndinawafunsa kuti nanga amene adzalowe m'malo mwake alibe mayi? Anatembenukira kukhoma, nati ndiwapatse fodya wawo.

Misozi sakudziwa kanthu. Amabwera kuno kudzadya mango, mkono uli m'nsalu, n'kumanyamula ka Enelesi ndi dzanja limodzi, n'kumaseka ndi mchimwene wake. Iye Limbikani sakumuyang'ana m'maso, ndipo Misozi akuyesa ndi chisoni cha ngozi. Adokotala amuuza kuti fupa lagwirana. Lolemba likubwerali abwerera ku ntchito, njanji yomweyo. Ndinamupempha kuti adikire. Anaseka. "Ba mami, nikankhala panyumba bazakamba ati bakazi sibakwanisa sitima. Pamene tinagwela bakonza. Kwinangu tizayenda pang'ono pang'ono, pakaipa asistanti aseluka, ayenda kusogolo na mendo, ayangana." Taganizani, Amayi. Sitima yathunthu, anthu ndi ana ndi ng'ombe, kutsatira munthu woyenda pansi amene akufufuza mchenga ndi nsapato. Nkhalango ija ndi yaitali. Sangatsike paliponse.

Ndipo anthu a ngolo aja akubweranso. Mkazi wa Limbikani anandinong'oneza akulira kuti pali loji ina ya alendo imene yaitanitsa matebulo aakulu, ndipo katundu wina afika sabata yamawa. Ndiye kuti pamene ndikulemba pano, kwinakwake m'nkhalango muli anthu amene akumasula mabawuti pa njira imene mwana wanga adutse. Apolisi a njanji sakudziwa kuti ndi ndani, amadutsira kuti, amagulitsa kwa yani. Limbikani akudziwa mayina awo ndi mudzi wawo.

Ndayesa kuwerengera mbali zonse, Amayi, monga ndimachitira. Ndikakhala chete, Limbikani agona kunyumba kwake, ndipo ine ndizikhala pakhonde kumvetsera hutala ya sitima, osadziwa ngati ilira. Ndikalankhula, mwina amumanga, ana atatu atsala ndi mayi wosagwira ntchito, anzake a ku Mukuni amuda, a malume andikana, ndipo Misozi adziwa kuti phewa lake ndi Ba Namakau zinadutsa m'manja mwa mchimwene wake. Ana anga ndi awiri okha. Munkandiuza ndikawakondera kuti mabere ndi awiri kuti wina asalire. Nanga pamene mmodzi akudya pansi pa mapazi a mnzake, mayi amatani? Zimenezi simunandiuze. Ndakhala ndikukufunsani m'mapemphero, ndipo simukuyankha. Ndikudya osamva kukoma. Dzulo ndinathira mchere mu tiyi.

Chimene chandithyola ndi ichi. Inu munatha zaka zanu zonse mukuchapa maovolosi a munthu amene ankayenda padzuwa kuonetsetsa kuti silipa iliyonse ili pamalo pake. Chifuwa chimene chinamutenga anachitengera kunjanji komweko. Lero dzina lanu lalembedwa pa thabwa lobedwa pansi pa mdzukulu wanu, ndipo pamene linachoka patsala dzenje lodzaza mchenga. Sindikukhulupirira kuti mukugona bwino pansi pake. A malume akuti ndikazula ndakuzulani. Ine ndikuti mwina ndi inu amene munagwetsa zotsekera zija kuti ndione.

Choncho kalata ino ndi yopempha chilolezo. Loweruka m'mawa ndibwera ndi khasu. Ndalankhula kale ndi woyang'anira manda, ndamuuza kuti mtanda ukupita kokonzedwa, ndipo si bodza kwenikweni. Ndapangana ndi mnyamata wa wilibala wa ku Maramba. Limbikani ndamuuza maso ndi maso. Ndati, "Loweruka ndikukazula mtanda wa agogo ako, ndikupita nawo kusiteshoni, kwa apolisi a njanji. Ukafuna, bwera unyamule mbali imodzi, ukanene wekha mayina a anthu a ngolo, ine ndikaima pambali pako ndi kukupepesera mpaka mawu andithere. Ukapanda kubwera, kansomba kako kakalankhula m'malo mwako." Anati, "Ba mami, ndimwe bakali." Kenako anafunsa kuti ndidzafika nthawi yanji kumanda. Sindikudziwa ngati anafunsa kuti abwere kapena kuti andiyambirire kukauchotsa. N'chifukwa chake ndidzalawira kusanatenthe, ndipo ndikadzapeza dzenje lokha, ndidzapitabe kusiteshoni ndi pakamwa panga.

Ndikuopa, Amayi. Ndikuopa nkhope ya Misozi akadzamva. Ndikuopa kuti ka Enelesi kadzakula kakumva kuti agogo ake anamangitsa bambo ake. Ngati kumeneko mumaloledwa kuyenda, pitani kwa Limbikani musanafike kwa ine. Inu ankakumverani. Mukamukoke khutu monga munkachitira akaba shuga, mumubweretse kumanda Loweruka. Muwauzenso Atate kuti mdzukulu wawo akulowa m'nkhalango Lolemba, ayende patsogolo pake ndi nyundo yawo.

Mukhala kanthawi opanda chizindikiro, koma musaope kuti mutayika. Muli pa mzere wachitatu kuchokera pa mlambe, manda achisanu ndi chimodzi kuchokera kunjira. Ndingakupezeni ngakhale maso atachita khungu ngati a mlongo wanu. Ndikulonjeza kuti mvula isanagwe ndidzakuikirani mtanda wina, wa simenti, woumbidwa pabwalo panga ine ndikuona. Sudzakhala wokongola ngati uwu. Ndipo Misozi akadzabwerako ulendo wake woyamba, ndidzabwera kudzakuuzani chiwerengero cha mabogi amene anapita nawo ndi amene wabwera nawo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Faidesi