Makoswe M'galimoto ya Bambo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Namitete tilipo, koma mayi mwendo uja ukuwavutabe.

Galimoto ya malemu bambo ija, imene inkasiya mabasi m'mbuyo pamsewu wa Mchinji, ndaitulutsa m'chigafa. Loweruka ine ndi a Phiri, makaniko wa pa Msundwe, tinayesa kuiliza. Inatsokomola kawiri, kenako n'kulavula makoko a mtedza ku ekizozi! Makoswe anaisandutsa nkhokwe, ndipo mawaya anatafuna onse.

Amalume akuti tiigulitse kwa ogula zitsulo. Ine ndakanitsitsa. Munditumizireko mapulagi ndi mawaya basi, zinazo ndithana nazo.

Mulungu akusungeni. Pobwera pa Khirisimasi musadzakwere minibasi ayi. Ndidzakutengani ndekha ku depoti, pa galimoto ya bambo.

Ine mlongo wanu,
Nachisale