Ndinachotsa kompyuta ya ku Iponga pa seva kuti andiitane

Aphungu,

Ndine mwamuna wa zaka 31, kwathu ndi ku Mangochi. Ndimayang'anira makompyuta pa kampani ina yogula ndi kupera mpunga kuno ku Karonga. Kale pulogalamu yatsopano ikatuluka ndinkaiika pa fulashi, n'kukwera njinga yamoto kukazungulira maofesi athu a ku Wovwe, Mwenilondo ndi Iponga. Fumbi linali fumbi, koma ndikafika anthu ankakuwa, "Amakompyuta abwera!" Ku Iponga kuli kalaliki wathu wamkazi, Tusekile. Ankandiphikira mbalagha, nthochi zophikira limodzi ndi nyama ya ng'ombe, podziwa kuti ndine Msilamu, sindidya nkhumba, n'kumandiseka ndikamapunthwa ndi moni wa Chinkhonde woti "mwaghona".

Chaka chatha ndinauza abwana kuti tigule seva, kompyuta yaikulu yoti izitumiza yokha mapulogalamu atsopano ku makompyuta onse. Ndinaikonza ndi manja angawa. Anandiyamikira, njinga n'kuipereka kwa wina. Panopa ndimaswera m'kachipinda kozizira kopanda zenera, ine ndi seva basi. Foni siilira. Pa nkhomaliro anzanga amayamba Chichewa, kenako n'kulowa m'Chinkhonde, ine ndimangomwetulira. Ndikusungulumwa, Aphungu, mpaka ndimapereka moni kwa makina.

Ndiye ndinachita chopusa. Ndinachotsa kompyuta ya ku Iponga pa mndandanda wa seva, kuti ikatsalira izivuta, andiitane. Miyezi itatu sinalandire chilichonse, ngakhale pulogalamu yoteteza ku vayirasi. Inagwidwadi, mayina onse a alimi n'kufufutika. Anandiitana, ndinapita, koma sindinasangalale. Ndinapeza Tusekile maso ali ofiira. Abwana akuti iye ndi amene analowetsa vayirasi ndi fulashi ya nyimbo, ndipo Lachisanu akakhala pa bwalo la chilango. Tusekile anandifunsa kuti, "Achimwene, inu mumazidziwa izi, ndalakwa pati ine?" Ndinangoyang'ana pa kiibodi.

Palibe akudziwa. Ndikaulula nditaya ntchito, mwinanso nditaya Tusekile, amene mtima wanga umamufuna. Nditani?

S.M., Karonga

A S.M.,

Kusungulumwa kwanu ndakumva, ndipo si nkhani yoseketsa. Munadzilanda nokha ulendo umene unkakupatsani anthu. Koma seva musainamizire, ikugwira ntchito imene munaituma. Amene anasiya Iponga pamtunda ndinu.

Lero lomwe bwezerani kompyutayo pa mndandanda, muonenso ngati ena onse akulandira. Kenako, Lachisanu lisanafike, sindikizani mbiri ya seva yosonyeza tsiku limene munaichotsa, mupite nayo kwa abwana. Nenani mosazungulira kuti munachotsa dala. Mungalandire chenjezo, mungachotsedwe, sindikulonjezani zokoma. Koma ntchito ya Tusekile si ndiwo zoti mudyere manyazi anu.

Iyenso mukamuuze nokha, pamaso, abwana asanamuuze. Musapite ndi mawu achikondi tsiku limenelo, si nthawi yake. Akakwiya, msiyeni akwiye.

Mukapulumuka, pemphani kuti muziyendera maofesi kamodzi pa mwezi. Seva siipukuta fumbi, siiphunzitsa munthu. Ndipo kodi ku mzikiti mumangoswali n'kuthawa? Amalonda a kwanu ku Mangochi adzaza mumsika wa Karonga. Anzanu a kuofesi apempheni akuphunzitseni mawu awiri tsiku lililonse, akusekeni mpaka muzolowere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo.

Chenjezo langa ndi ili: musadzaonongenso chinthu kuti anthu akufuneni. Minibasi ya ku Iponga imayenda ngakhale Loweruka, ndipo Tusekile ankakuphikirani mbalagha kompyuta yake isanafe. Munkangofunika kupita opanda fulashi.

Aphungu