Bambo aang'ono alanda makina ometera

Aphungu,

Bambo anga atamwalira, khoti linaika anthu awiri oyang'anira chuma chawo: ineyo ndi bambo aang'ono. Chuma chake si chambiri ayi, ndi kashopu kometera tsitsi ka mipando iwiri, galasi lalikulu ndi makina atatu. Mu wilo, bambo analemba kuti shopuyo ipite kwa mchemwali wanga, amene anamuphunzitsa okha kumeta. Koma kuti itero, tiyenera kusayina tonse awiri.

Bambo aang'onowo ntchito yawo ndi yokonza mipope, tsitsi la munthu sanaligwirepo. Koma anatenga makiyi, n'kuvala epuloni ya malemu, n'kuyamba kumeta anthu. Ndikawafunsa amati, "Mwana wanga, makina akangokhala amachita dzimbiri. Inetu ndikusamala chuma."

Aphunzitsi ena, kasitomala wa bambo kwa zaka khumi, anatulukamo khutu lili ndi bandeji. Mkwati wina anajambulitsa zithunzi zonse za ukwati atayang'ana mbali imodzi. Masiku ano anthu akayandikira pashopupo amawoloka msewu, ndipo mchemwali wanga akungolira poona dzina la bambo likufera m'manja mwa wamipope.

Sabata yatha ndinapita kukawanyengerera. Iwo anati, "Khala pampandopa tikambirane ngati amuna." Ndinakhala. Aphungu, kalatayi ndikulemba nditavala chipewa. Ndiwachotse bwanji popanda kudana nawo?

W.K.

A W.K.,

Pepani, komatu nanunso mwaonjeza. Munthu makina ali m'manja, inu n'kumupatsa mutu?

Musathyole loko kapena kubisa makina. Woikidwa ndi khoti amachotsedwa ndi khoti lomwelo. Yambani mwaitana akuluakulu a banja, ndipo pamaso pawo muwathokoze bambo aang'onowo. Mwina n'chisoni chabe, epuloniyo ikuwakumbutsa mkulu wawo. Apatseni ikhale yawoyawo, iwo asayine n'kupereka makiyi kwa mchemwali wanu.

Akakana, tengani wiloyo, mupite kukhoti lomwe linakuikani, mukapemphe kuti achotsedwe chifukwa akuthawitsa makasitomala ndiponso akukana kukwaniritsa zomwe malemu analemba. Aphunzitsi aja akakhale mboni, asaiwale khutu lawo.

Chenjezo langa ndi ili. Bambo aang'ono akadzati "bwera ndikonze pomwe panalakwika", liyatseni liwiro. Ndipo musachedwe, paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Umboni wanu waukulu uli pansi pa chipewacho, ndipo ukumera tsiku ndi tsiku.

Aphungu