Musaudule Mtengo wa Malalanje wa Bambo

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi bondo lija likuvutabe mukamadzuka? Ine kuno ndili bwino, chimfine chokha ndiye chinandigwira mwezi watha koma chinatha. Juzi munandilukira ija yafika, zikomo kwambiri. Manja ake ndi aatali, moti mnzanga wogona naye chipinda chimodzi akuti mwina munalukira mkamwini amene sanapezekebe.

Ntchito ikuyenda. Timalima tomato m'nyumba zazitali za pulasitiki, ndipo ine ndili ku mbande. Msana umawawa madzulo, koma sindikudandaula.

Achimwene anandiuza pa foni kuti mtengo wa malalanje umene malemu Bambo anabzala kuseri kwa khitchini wachita chikasu, zipatso zikuyoyoka zisanakule, ndipo akufuna kuudula chifukwa wakalamba. Mtima unandiwawa kwambiri. Nditafunsitsa, anati mukamaliza kupopera tomato ndi mankhwala a kopa, abuluu aja, mumatsukira pampu pansi pa mtengowo n'kuthira otsalawo patsinde. Ndinaseka misozi ili m'maso. Ndimakudziwani Amayi, inu simutaya ngakhale ulusi wa thumba la shuga, ndipo mumati mukuupatsa mphamvu mtengowo.

Kunonso zoterezi zinachitika. Mbande za pafupi ndi potsukira mapampu zinachita chikasu, ine n'kumati ndi matenda, tiwonjezere mankhwala. Kapitawo wathu, mayi wina amene timawatchula kuti Achipewa chifukwa savula chipewa ngakhale pakudya, anazula mbande imodzi n'kundionetsa mizu yake. Inali yaifupi, yofiirira ngati yopserera.

Anandifotokozera kuti mbewu imafuna kopa wochepa kwambiri, ngati mchere m'chakudya. Akachuluka m'nthaka sachoka msanga, amawononga mizu ndipo mbewu imalephera kutenga ayironi, amene amathandiza kuti masamba abiriwire. Anati kubiriwirako ndi kumene kumagwira kuwala kwa dzuwa, kuti tsamba lipange chakudya kuchokera ku madzi ndi mpweya. Choncho tsamba lachikasu limaothera dzuwa tsiku lonse osaphika kanthu, mtengo wonse n'kumagona ndi njala.

Ndinawaonetsa chithunzi cha mtengo wathu chimene achimwene anatumiza. Mayiwa anasiya tiyi wawo akuzizira n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, ngati mtengowo ndi wakwawo. Sanalonjeze kuti uchira, koma anati sunafike pofa. Anati mupalepo dothi lapamwamba mosamala osadula mizu, muikepo manyowa owola bwino ndi laimu pang'ono, kenaka muziyang'ana masamba atsopano. Akatuluka obiriwira ndiye kuti wayambanso kudya. Ndinawathokoza mpaka anachita manyazi.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi. Muwauze achimwene abweze nkhwangwa, aupatse mtengowo chaka chimodzi, ndipo pampu muzikatsukira kutali, padzenje losayandikira chitsime. Ine akhoza kundikanira, koma inu sangakukanireni.

Musadziimbe mlandu ayi. Chichokereni Bambo, ndinu amene mwakhala mukuuthirira ndi madzi osenza pamutu, ine ndili kutali. Popanda inu bwenzi utauma kalekale, ndipo ndikuthokoza kuchokera pansi pa mtima. Ndikamaganiza za kwathu ndimaona mtengowo poyamba, Bambo ali pansi pake akundikalipira kuti ndathyolanso malalanje osapsa.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi ana awo onse, osaiwala anzanu oyandikana nawo amene amakuthandizani kudimba. Ndikadzabwera ndikufuna ndidzaupeze uli chiimire, ndipo ulendo uno ndidzadikira malalanje apse.

Tsalani bwino Amayi.

Ndine mzime wanu,
Kadyazosapsa wa Bambo