Batate Andisankhira Tabuleti Yolemera, Ine Ndikufuna Yopepuka

Aphungu,

Ndikulemba ndili wosangalala, koma pali kanthu kakundisowetsa mtendere, ndipo ndilibe womuuza chifukwa kwathu aliyense akadali pa chikondwerero.

Ndine mtsikana wa ku Chawama. Ndimagwira ntchito pa kampani ina yogulitsa nyale ndi mapanelo a sola. Ndinayamba ngati wolandira alendo, kuyankha mafoni ndi kuwiritsa tiyi wa mabwana. Mwezi watha anandikweza. Tsopano ndizipita ku Mongu, ku Kasama ndi ku Solwezi kukaphunzitsa otigulitsira katundu, ndikabwera n'kumalemba malipoti mu ofesi. Tsiku limene ndinabwera ndi nkhaniyi, batate anga Ba Nsofwa, amene amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo pafupi ndi msewu wa Kafue, anazimitsa makina dzuwa lili pamutu. Anayenda khomo ndi khomo kuuza aneba, magalasi owotchererera akadali pachipumi.

Ulendo woyamba ndinapita ku Mongu ndi laputopu yakale ya ku ofesi. Kulemera kwake! Pofika phewa linali litatupa. Ndili pakati pophunzitsa, magetsi anathima, nayo n'kuthimira pomwepo poti batire yake inafooka kalekale. Anthu anangoti maso pa ine. Mnzanga Ketty, amene tinapita limodzi, anatulutsa m'kachikwama kake tabuleti yopyapyala ngati kope la mwana wa sukulu. Tinamalizira phunziro lonse pa iyoyo, ndipo lipoti tinalitumiza tili m'basi pobwerera. Ndinaikonda kuyambira tsiku limenelo.

Kunyumba ndinafotokoza nkhaniyi ngati yoseketsa. Onse anaseka kupatula batate. Iwo anati, "Mwana wanga sangamabwereke vinthu va anzake pamaso pa anthu. Nizakugulira ine." Aphungu, ndinalira. Munthu ameneyu foni yake ndi ya mabatani, yomanga ndi mphira, ndipo sanadzigulirepo ina.

Vuto linayamba Lamlungu. Titaweruka kutchalitchi ananditengera kwa mnzawo Ba Whyson, amene amakonza mafoni pamsika. Ba Whyson anatulutsa tabuleti yaikulu, yochindikala, yopanda bokosi ngakhale chaja yake. Batate anaiyesa kulemera m'manja, n'kuigogoda kumbuyo monga amachitira ndi chitsulo, nkhope yawo n'kuwala. Anati, "Ichi ndiye chinthu. Vopyapyala vija ni va fashoni chabe, ukakhalapo kamodzi vathyoka." Nditaiyatsa inatenga nthawi kuti idzuke. Ilibe polowetsa simu kadi, ndipo m'kati mwake muli zithunzi za ukwati wa anthu osawadziwa. Ba Whyson anati mwiniwake anaibweretsa kudzakonzetsa ndipo sanabwerenso. Batate anawauza kuti asaigulitse kwa wina, tidzaitenga Loweruka.

Ine ndinangoti zikomo. Pobwerera ankayenda patsogolo akuimba muluzu, ndipo auza kale akuluakulu a mpingo kuti akugulira mwana wawo kompyuta ya ntchito.

Ulendo wa ku Kasama wayandikira. Ndithandizeni pa ziwiri. Kodi tabuleti yoyenera munthu woyenda maulendo ndiponso wogwira ntchito ya mu ofesi ndiyotani, poti ine ndangoona ya Ketty yokha? Nanga batate ndiwauze bwanji osawachititsa manyazi? Kapena ndingolandira, ndizinyamula chinthu chosandithandiza kuti iwo akondwe?

M.N., Chawama, Lusaka


Mwanawe M.N.,

Choyamba ndikuombere m'manja. Kuchoka pa ketulo ya tiyi kufika pophunzitsa anthu m'zigawo si zamasewera. Ndipo dziwa kuti ambiri amene amandilembera amadandaula za makolo osalabadira. Iwe vuto lako ndi bambo amene akukukonda mpaka kukusankhira. Limenelo ndi vuto lokoma.

Koma tabuleti ya kwa Ba Whyson usatenge. Sindikunena kuti iwo ndi wakuba, ayi. Ndikunena kuti chinthu chimene chili ndi zithunzi za munthu wina chikadali ndi mwiniwake, ndipo tsiku lina akhoza kubwera ndi apolisi iwe uli pamaso pa mabwana ako. Ntchito yatsopano siifuna chisokonezo chotero.

Usanapite kusitolo, funsa wa makompyuta ku ofesi kwanu kuti malipoti anu mumalembera pa mapulogalamu ati, ndipo akutsimikizire kuti amayenda pa tabuleti. Ntchito zina zimafunabe laputopu, ndiye usagule usanamve zimenezo. Umupemphenso Ketty akubwereke yake madzulo amodzi, ulembepo lipoti lathunthu. Kuonera mnzako akugwiritsa ntchito n'kosiyana ndi kutayipa wekha masamba angapo.

Pa maulendo akowo, batire ndiye mfumu. Funa yotha kugwira ntchito tsiku lonse osaichaja, chifukwa magetsi a masiku ano ukuwadziwa. Ikhale yolowa simu kadi, kuti utumize ntchito uli m'basi osasakasaka intaneti ya pa loji yogona alendo. Sikirini ya mainchesi khumi kapena khumi ndi limodzi imakwana: yocheperapo idzakupweteka maso pa matebulo a manambala, yokulirapo idzakukumbutsa phewa lija. Uinyamule ndi dzanja limodzi kwa kanthawi uli m'sitolomo. Dzanja likatopa, isiye. Tsegula mapulogalamu angapo nthawi imodzi uone ngati sikuchedwa, ndipo malo osungira zinthu akhale okwanira mavidiyo ophunzitsira. Kiyibodi yolumikiza ndi yofunika kwa munthu wolemba malipoti. Pomaliza, bokosi lomata, chaja yake, lisiti, ndi pepala lotsimikiza kuti ikawonongeka msanga adzakukonzera kapena kukusinthira. Wogulitsa akayamba kuzemba pa lisiti, tuluka.

Tsopano za bambo ako. Sakulakwa konse. Moyo wawo wonse chitsulo cholemera ndicho chakhala cholimba, ndipo mantha awo ndi akuti chinthu chako chingathyoke uli kutali. Usatsutsane nawo pa zimenezo, ndipo usawauze pamaso pa amayi, pa ana kapena pa Ba Whyson. Uwapeze ali okha kuntchito kwawo Loweruka lisanafike, uwatengere chakumwa chozizira. Yamba ndi kuthokoza. Kenako uwauze zoona zake mosazungulira: ilibe polowetsa simu kadi, ndipo zithunzi za eni ake zikukuopsa pa ntchito. Bambo amene sakufuna kuti mwana wake achite manyazi pagulu adzamva msanga. Ukatero uwapemphe kuti akuperekeze kusitolo, ndipo ntchito yosankha chivundikiro cholimba uwapatse iwo. Achigogode mmene angafunire.

Ngati imene ukufunayo iposa zimene akonzekera, usawalole kulowa m'mavuto. Uwauze kuti kiyibodi ndi zina zing'onozing'ono uzigula wekha, tabuletiyo ikhale mphatso yawo. Ba Whyson nawo musawasiye m'malere. Bambo ako akawauze okha mwaulemu kuti ya ku ofesi ikufunika ya lisiti, ndipo galasi loteteza sikirini mukamatitse kwa iwo. Ubwenzi wa akuluakulu usathere pa tabuleti.

Ukagula, ika nambala yachinsinsi tsiku lomwelo ndipo ntchito zako uzisunganso pa intaneti. Pa siteshoni ya mabasi ikhale m'chikwama, chikwamacho pachifuwa, osati kumsana. Usaigwiritse ntchito pawindo lotsegula la minibasi, ndipo ana a kunyumba adziwe kuti si ya magemu.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili: usayesedwe kukagula wekha mobisa n'kudzawaonetsa chogula kale pofuna kupewa kukambirana. Sadzakukalipira. Adzamwetulira, adzati wachita bwino, koma sadzakulonjezanso kanthu. Pita nawo, avale malaya awo a Lamlungu, ndipo pa kauntala ima pambali alipire ndi dzanja lawo.

Uyende bwino ku Kasama.

Aphungu