Ndamuchititsa Aukje kukayikira mutu wake

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 71, ndinapuma pa ntchito ya padoko. Nkhani iyi ngakhale mkazi wanga Hiltje sakuidziwa, ndipo ndikuilemba nkhope itagwa. Mayina onse ndasintha.

Kuno ku Harlingen tili ndi kagulu kosonkhanitsa zithunzi zakale za padoko n'kumaziika pa intaneti, kuti zidzukulu zizidziwa ngalawa za makolo awo. Kwa zaka 19 woika zithunzizo ndinali ine. Pali pulogalamu ya pakompyuta imene timatumizira mafayilo. Ukaitsegula imaonetsa mbali ziwiri: kumanzere kuli za m'kompyuta yako, kumanja kuli za pa seva, kompyuta yakutali imene imasunga tsamba lathu. Ukakoka fayilo kumanzere n'kuiponya kumanja, basi, aliyense waiona.

Chaka chatha pa msonkhano wapachaka anandichotsa pa udindowu. Ankati ndimachedwetsa ntchito, poti chithunzi chimodzi ndinkatha nacho mwezi wathunthu ndikufufuza chaka chimene chinajambulidwa. Anandipatsa maluwa ndi botolo la vinyo, ntchito n'kuipereka kwa Aukje, mayi wamasiye wa zaka 70 amene ndinaphunzira naye kalasi imodzi. Ndinaomba nawo m'manja, koma kukhosi kwanga sikunali mbee.

Wapampando wathu Douwe analengeza kuti wasintha mawu onse achinsinsi olowera pa intaneti. Patapita masabata awiri ndinatsegula pulogalamu ija kuti ndifufute dzina la seva yathu pa mndandanda. M'malo mofufuta, chala chinadina, ndipo ndinangoona ndalowa. Douwe anasintha mawu a imelo okha, a seva n'kuwaiwala, ndipo pulogalamu yanga inali ikuwakumbukirabe. Ndikanatseka pomwepo. Koma diso linagwera pa chithunzi cha ngalawa ya amalume anga, Aukje atalemba kuti 1954 pamene ndi 1951. Ndinakokera fayiloyo kumanzere, kuikonza, n'kuibwezera kumanja. Pulogalamu inandifunsa ngati ndikufunadi kuti yatsopanoyi ilowe m'malo mwa yakale. Ndinavomera.

Kuyambira pamenepo chinasanduka chizolowezi. Lachiwiri lililonse m'mawa, Hiltje akangokwera njinga kupita kosambira, ine ndinkalowa. Apa dzina la woyendetsa ngalawa, apo chaka, penanso chithunzi chopendekeka. M'miyezi khumi ndinasintha mafayilo 43. Ndinkadzinamiza kuti ndikuthandiza. Zoona zake n'zakuti anthu akamayamikira Aukje kuti tsamba likuoneka bwino, ine ndinkamwetulira chamumtima kuti akuyamikira dzanja langa osadziwa.

Mwezi watha Aukje anaimba foni kupempha kuti abwere kwathu. Hiltje anatithirira khofi, kutipatsa bisiketi imodziimodzi, n'kutuluka kukagula buledi. Apo Aukje anatulutsa kabuku m'chikwama. Anati kuyambira Januwale amalembamo chilichonse chimene wachita pa tsamba lija, chifukwa amapeza zinthu zitasintha iye osakumbukira kuti anazigwirapo. Pulogalamuyo imaonetsa tsiku limene fayilo yasinthidwa, koma sionetsa dzina la munthu, poti kiyi yolowera pa seva, mawu achinsinsi aja, ndi imodzi yokha.

"Iwe wakhala nacho chinthu chimenechi zaka zonsezi," anatero. "Usandinyengerere, sindine mwana. Fayilo ingasinthe yokha?"

Aphungu, mpata unali umenewo. Koma ine ndinayankha ngati mphunzitsi: "Kompyuta sichita chimene sinauzidwe. Fayilo ikasintha, ndiye kuti alipo waisintha."

"Ndipo kiyi ndili nayo ndekha," anatero akutseka kabuku kake. "Amayi anga anayamba chonchi. Ankapeza mbatatesi zili zosendasenda mumphika, n'kumafunsa kuti wasenda ndani."

Ndinamuwonjezera khofi n'kumuuza kuti pa msinkhu wathuwu tonse timaiwala.

Tsopano ndamva kwa Hiltje kuti Aukje wasiya kukatenga mdzukulu wake kusukulu, akuti sakudzikhulupirira ndi mwana pamsewu. Mwana wake wamkazi anamuperekeza kwa dokotala, ndipo pa 18 mwezi uno akukamuyeza kuchipatala ngati wayamba matenda oiwala. Mwanayo wayambanso kufunsafunsa za nyumba zosamalira okalamba.

Chichokere tsiku lija sindinalowenso pa seva. Funso langa ndi ili: poti ndasiya, kodi madokotala sakapeza okha kuti ali bwino? Ndikaulula, kagulu kandithamangitsa, kumsika wa nsomba sindidzapondakonso osalozedwa chala, ndipo sindikudziwa kuti Hiltje, amene takhala limodzi zaka 45, adzandiyang'ana bwanji. Manyazi akundidya. Kodi ndingangokhala chete?

S.T., Harlingen


Bambo S.T.,

Ayi, simungakhale chete, ndipo ndikuona kuti mukudziwa kale. Munthu wotsimikiza kubisa salemba kalata yaitali chonchi.

Mukuti madokotala akapeza okha. Musadalire zimenezo. Dokotala amamveranso zimene wodwala akunena, ndipo Mayi Aukje akalowa m'chipinda muja atanyamula kabuku kodzaza ndi umboni wowatsutsa eni ake. Umboni umenewo munawalembera ndinu. Ngakhale atawauza kuti palibe vuto, adzabwerera kunyumba funso lili lomwe lija: nanga mafayilo aja anasintha ndani? Yankho lake muli nalo nokha m'tauni yonseyo.

Yambani ndi akazi anu, lero lomwe. Akwiya, ndipo n'zowayenera. Koma apempheni akuperekezeni kwa Mayi Aukje, chifukwa mukapita nokha manyazi akakubwezani muli pakhomo, ndipo zengerezu adalinda kwawukwawu.

Musapite chimanjamanja. Tsegulani pulogalamu ija osalowa pa seva, mufufuze kaundula wa zimene munatumiza. Ngati sinasunge, mafayilo amene munkakonza akadali kumanzere kuja ndi masiku ake. Lembani onse 43 papepala, tsiku ndi chimene munasintha. Pepala limeneli ndi lofunika kuposa kupepesa kwanu. Munthu amene wachita mantha ndi mutu wake akhoza kuganiza kuti mukungodzinamizira mlandu pofuna kumutonthoza. Akaliika pambali pa kabuku kawo n'kuona masiku akugwirizana mzere ndi mzere, ndi pamene adzakhulupirire.

Mukatero, fufutani dzina la seva pa kompyuta yanu Mayi Aukje akuona. Mawu achinsinsi awasinthe iwo eni, osati a Douwe, ndipo kagulu kanu kaleke kugwiritsa ntchito kiyi imodzi ngati ya chimbudzi cha pasukulu. Mwana wawo wamkazi amve kuchokera pakamwa panu, kuti asiye kuyendera nyumba za okalamba. Zopita kuchipatala pa 18 kapena kusapita, asankhe okha. Inu sindinu dokotala, ingowauzani kuti akapita atenge pepalalo. Za kagulu nazonso muwasiyire. Akati mukaimirire pamsonkhano n'kunena nokha, kaimirireni.

Za kumsika wa nsomba musadere nazo nkhawa kwambiri. Adzakunenani mwezi umodzi kapena iwiri, kenako wina adzagwera m'ngalande ndi njinga, iwo n'kupeza nkhani yatsopano. Mwina adzakuchotsanidi m'kagulu. Zimenezo n'zopweteka kwa munthu amene anatumikira zaka 19, ndipo ndikumvetsa kuti maluwa ndi vinyo sizinatseke bala. Koma inu mukuopa kutaya dzina, pamene mnzanu wa kalasi imodzi akudzuka m'mawa uliwonse akuganiza kuti akutaya nzeru.

Chenjezo langa ndi ili. Mukafika musayambe ndi zanyengo, musafotokoze za mmene anakuchotserani, ndipo lilime likayabwa kuti munene kuti zimene munkakonzazo zinali zolakwikadi, lilumeni. Musanavule n'komwe jekete, nenani kuti, "Aukje, mafayilo aja ndinkasintha ndine." Mayiyu wadikira mawu amenewa kuyambira Januwale, musamudikiritsenso mphindi zina khumi. Musapemphe kuti akukhululukireni tsiku lomwelo, ndipo musalire kuti iwo ayambe kutonthoza inu. Akakuuzani kuti mutuluke, tulukani, koma pepalalo mulisiye patebulo.